Kodi dipuleshoni n'chiyani?

Masiku ano timu ikagonja, kapena bandulo ikatha macheza ali mkati, mumva wachinyamata akuti, "Ine ndili ndi dipuleshoni." Kumeneko n'kukhumudwa chabe, kukacha zaiwalika.

Mawuwa tinabwereka ku Chingerezi, nacho chinawatenga ku Chilatini, komwe amanena za kukanikizira chinthu pansi. Achipatala akati dipuleshoni amatanthauza matenda. Munthu amakhala wachisoni, kapena wosakondwa ndi chilichonse, pafupifupi tsiku lililonse kwa milungu iwiri kapena kuposerapo. Tulo timavuta, chakudya sichikoma, ndipo amadziona ngati wachabechabe.

Taganizirani mnyamata wa Fomu 2 amene maganizo ake sakhazikika pa chinthu chimodzi, vuto lomwe madokotala amalitcha ADHD. Amaiwala kope, ntchito samaliza, aphunzitsi akamufunsa amadzidzimuka ngati anali kwina. Tsiku ndi tsiku amangomva "waulesi iwe!" Pakutha pa miyezi ingapo wasiya mpira, pa buleki amakakhala yekha kuseri kwa kalasi. Apa ndiye mawu oti dipuleshoni akukwana, ndipo achinyamata a ADHD matendawa amawagwira kawirikawiri kuposa anzawo.

Chithandizo chingayambire pasukulu pomwepo. Mphunzitsi wolangiza azikhala naye pansi mlungu uliwonse, amuphunzitse kugawa ntchito m'tizigawo ting'onoting'ono, amukhazike kutsogolo, aitanenso makolo. Zikakula, makamaka akayamba kutchula zodzipha, athamangire naye kuchipatala. Akatswiri a matenda a maganizo alipo, monga ku Zomba Mental Hospital ndi ku St John of God ku Mzuzu.