Kudanitsa Mwana ndi Kholo Lake

Kudanitsa mwana ndi kholo lake kumacitika pamene kholo limodzi, kawili-kawili cikwati cikatha, lipangitsa mwana kuzonda kapena kuopa kholo linzake popanda cifukwa ceni-ceni. Limacita izi mwa kuneneza mnzakeyo pamaso pa mwana, kuletsa mwana kukaceza, kapena kumukalipila akanena kuti wayewa atate kapena amai ake.

Mu 1985, Richard Gardner, dokotala wa matenda a maganizo wa ku America, anati vutoli ni matenda a mwana, ndipo anaimba mlandu kwambili azimai. Bungwe la WHO silivomeleza kuti ni matenda. Mu 2023, Reem Alsalem anauza bungwe la United Nations kuti makhoti ena amagwilitsila nchito ganizoli kutsutsa azimai odandaula za nkhanza, mpaka kuwalanda ana.

Kuno kwathu, amuna ndi akazi omwe amalilapo. Kwa Acewa ndi Ansenga, ana ni a kucikazi, ndipo bambo angakankhidwile kunja ndi atsibweni a ana. Kwa Angoni, kumene malowolo amapeleka ana kucimuna, mai ndiye angamanidwe ana ake. Koma lamulo la Children's Code Act la 2022 limaika ubwino wa mwana patsogolo pa mwambo.

Akulu a mpingo asathamangile kuweluza. Mwana wothawa kholo lomumenya kapena kumugona sanadanitsidwe. Nkhani yotele ipite ku Victim Support Unit ya polisi. Koma ngati palibe nkhanza, mwana apatsidwe mpata wolemekeza atate ndi amai ake onse, monga Eksodo 20:12 iphunzitsa.