Batani Limene Limasankha Zimene Tiona pa TV

Usiku wa pa 12 February 2012, ambili a ife tinali maso pa TV pamene Stoppila Sunzu anamenya penoti yothela ku Libreville. Tinaona bola iloŵa, kenako anyamata athamanga, kenako Hervé Renard atanyamula Joseph Musonda amene anali atavulala. Makamela onse m'bwalo lija anali kujambula panthawi imodzi, koma ife tinali kuona imodzi cabe. Panali munthu m'kacipinda kodzala na maskilini amene anali kutisankhila. Makina amene anaseŵenzetsa, ku Britain amawacha vision mixer, ku America amati switcher.

Kaseŵenzedwe kake n'kosavuta kumva. Kamela iliyonse ili na batani lake. Mzele umodzi wa mabatani, wochedwa program, ni wa cithunzi cimene cili kupita kwa oonelela. Mzele wina, wa preview, ni wa cithunzi cimene ciyembekezela kuloŵa. Dailekita akachula nambala ya kamela, wa pamakina amatinika batani, ndipo kanyali kofiila kamayaka pa kamelayo kuti woŵelenga nkhani adziŵe koyang'ana. Pambali pamakhala kacitsulo kokoka, T-bar, kosungunula cithunzi cimodzi kuloŵa m'cinzake.

Pamene BBC inayamba kuulutsa TV nthawi zonse mu November 1936 ku Alexandra Palace mu London, kusintha makamela sinali nkhani yaing'ono. Kamela imalemba cithunzi mzele na mzele kucokela pamwamba. Ngati makamela aŵili sayendela pamodzi, cithunzi cimadumpha kapena kugubuduka ukasintha. Akatswili anathetsa vutoli mwa kupatsa makamela onse kugunda kumodzi kocokela ku makina amodzi, monga ovina otsatila ng'oma imodzi. Anakonzanso zakuti kusintha kuzicitika m'kampata kali pakati pa cithunzi na cinzake, kamene diso siliona.

Pofika pa 2 June 1953, BBC inaseŵenzetsa makamela opitilila 20 poonetsa kulongedwa ufumu kwa Mfumukazi Elizabeth II. Pa 7 December 1963, dailekita wa CBS ku America, Tony Verna, anawonjezela cinthu catsopano pa maseŵela a Army na Navy: anabweza tepi n'kuonetsanso zimene zinali zitangocitika. Woulutsa mau anacita kucenjeza anthu kuti Army sinawinenso mapointi ena. Replay imene timakangana nayo m'mabala lelo inayambila pamenepo.

Koma makinawa anali aakulu komanso odula kwambili, moti masiteshoni akulu-akulu okha ndiwo anali kukwanitsa. Kuno kwathu TV inayambila ku Kitwe mu 1961, pambuyo pake inakhala m'manja mwa boma, ndipo kwa zaka zambili siteshoni inali imodzi cabe. Ambuye athu sanali na posankha: cimene batani la siteshoniyo lasankha ndiye cimene dziko lonse linaona.

Zinthu zinayamba kusintha mu 1990, pamene kampani ya NewTek inatulutsa Video Toaster, imene inaloŵetsa nchito ya switcher mu kompyuta ya Commodore Amiga. Masiteshoni aang'ono na masukulu ku America anaithamangila. Mu 2012, caka cimodzimodzi ca Chipolopolo, kunabwela OBS, pulogilamu yaulele imene aliyense angaike pa laputopu. Mu 2019, Blackmagic Design ya ku Australia inatulutsa ATEM Mini, kabokosi kolandila makamela anayi, pa mtengo wa madola 295.

Ndiye cifukwa cake lelo batani lija lili m'manja mwathu. Tili nalo kumbuyo kwa chechi pa Sondo, pa kitchen party, m'situdiyo ya wailesi ya m'dela imene yaika makamela aŵili kuti anthu aonelele pa Facebook. Mabatani munthu amawadziŵa pa tsiku limodzi. Cimene cimatenga nthawi ni kudziŵa posankha. Pa msonkhano wa ndale, kamela imodzi imaonetsa anthu othithikana kutsogolo, ina mipando yopanda anthu kumbuyo. Zonse ni zoona, koma amene ali kunyumba adzakhulupilila imene tamupatsa. Pa malilo amene acibale ali ku Johannesburg aonelela pa foni, kamela ikhoza kuyandikila nkhope ya amai ofedwa pamene akomoka, kapena tingasinthile ku kwaya mpaka atsitsimuke.

Madailekita akale anali kuphunzila zimenezi kwa zaka, atakhala pambali pa akulu-akulu a nchito. Ife nthawi zambili timangopatsidwa laputopu m'maŵa wa tsikulo. Conco tisanatinike, tiziyamba tayang'ana pa preview, n'kudzifunsa ngati munthu ali pa cithunzico angavomele kuti anthu onse amuone conco.