Mafunso ndi Mayankho: Kodi simenti imauma kapena imamwa?

Funso: Ndikumanga nyumba kwathu kuno kwa Mwase. Amisiri andiuza kuti maziko ndi mabuloko ndizizithirira m'mawa ndi madzulo kwa mlungu wathunthu. Njerwa zadothi timaziyanika padzuwa kuti ziume, nanga simenti imafuniranji madzi? Mjigo uli kutali, ndipo mayi akunyumba ayamba kudandaula msana. — Mlimi, kwa Mwase, Lundazi

Yankho: Bambo, amisiri anuwo sakukuzunzani. Apepeseni mayi, kapena mubwereke ngolo, koma madziwo apite pamaziko.

Pamene ambiri timasocherera ndi pa mawu oti "kuuma". Njerwa yadothi imalimba madzi akachoka, ndiye chifukwa chake yosaotcha ikanyowa imabwerera kukhala matope. Simenti njira yake ndi ina. Iyo imalimba ikamwa madzi, ndipo madziwo amasanduka mbali ya thupi lake mpaka kalekale.

Chinsinsi chili m'chinthu chimene akatswiri amachitchula kuti calcium silicate. Dzina likuoneka loopsa, koma makolo ake timawadziwa tonse: kashiamu wochokera m'mwala wa laimu, uja timapangira njereza yopaka zipupa, ndi silika wopezeka m'dongo ndi mumchenga. Kufakitale amapera mwala wa laimu pamodzi ndi dongo, n'kuziotcha m'ng'anjo yaitali yozungulira mpaka madigiri 1,450. Uvuni wathu wa njerwa, ngakhale muuponyere mitengo ya m'dambo lonse, sungafike pamenepo. Pa moto wotero kashiamu ndi silika amakwatirana, n'kutuluka timibulu totuwa totchedwa kilinka. Timeneti akatipera n'kuthirako gypsum pang'ono, kuti simenti isagwire mmisiri asanatsitse fosholo, ndiye ufa uja mumagula m'thumba la makilogalamu 50.

Muufawo muli ana awiri a bere limodzi la calcium silicate. Wina, wotchedwa alite, ndi wa phuma: amagwira ntchito m'masiku oyambirira, ndipo ndiye wochuluka, kuposa theka la kilinka yense. Mnzake belite ndi wachidodo, amalimbitsa khoma pang'onopang'ono kwa milungu ndi miyezi. Onsewa akakumana ndi madzi amatulutsa phala losaoneka ndi maso limene limayanga ngati mizu ya nsenjere, kukola mchenga ndi miyala mpaka zonse kukhala thanthwe limodzi. Mukagwira konkire yaikulu tsiku lotsatira mudzaimva kufunda. Si dzuwa ayi, ndi ntchito imene ikuchitika m'katimo.

Tsono dzuwa la Okutobala la kuno likalanda madzi ntchitoyo isanathe, ufa wina umangotsala ufa. Ndiwo mabuloko aja amanyenyeka mukangowakanda ndi chikhadabo, ndi pansi paja pamafumbuka nyumba isanathe chaka. Manambala 32.5 ndi 42.5 amene mumawaona pathumba amanena mphamvu imene simenti imafika patatha masiku 28, koma ikasamalidwa bwino. Masiku 7 amene amisiri akupemphawo ndi ochepetsetsa kale. Kuti madzi asathe msanga, fundikani ndi masaka onyowa kapena udzu.

Musasokoneze ndi madzi okandira. Pokanda, madzi ambiri amafoola konkire, chifukwa otsala akauluka amasiya timabowo. Anyamata aganyu amakonda phala lamadzimadzi poti silivuta kutapa; ayang'anireni.

Tibwerere m'mbuyo pang'ono, tione magwero a simenti. Aroma akale ankasakaniza laimu ndi phulusa la mapiri ophulika la ku Pozzuoli, ndipo denga la konkire la Pantheon mumzinda wa Rome likadalipo patatha zaka pafupifupi 1,900. Simenti yamakonoyi dzina lake linachokera kwa Joseph Aspdin, womanga nyumba wa ku Leeds, amene mu 1824 analembetsa njira yake n'kuitcha Portland, poti ikalimba inkafanana ndi mwala wotchuka wa ku Portland ku England. Kunena zoona, ulemu wambiri ukanapita kwa mwana wake William, amene m'zaka za m'ma 1840 anakoleza moto kwambiri kuposa bambo ake mpaka alite anabadwa. Dzina linatsalira mkulu, monga zimakhalira kumudzi.

Kuno ku Zambia, fakitale ya Chilanga pafupi ndi Lusaka inakhazikitsidwa mu 1949. Ndi ya msinkhu umodzi ndi Castle yathu ya pa Boma la Lundazi, imene DC Errol Button anamangitsa ndi njerwa zootcha. Simenti ya ku Chilanga inagwira ntchito pomanga khoma la Kariba pakati pa 1955 ndi 1959. Khomalo lakhala likutsamiridwa ndi nyanja zaka zoposa 60. Chikhala kuti simenti imadana ndi madzi, bwenzi a kumunsi kwa khomalo m'chigwa cha Zambezi atasamuka kale.

Funso: Mwana wanga anabwera ndi botolo la mchere wosalala kuchokera ku Joni. Kumbuyo kwake kwalembedwa kuti muli calcium silicate. Mdzukulu wanga wa kusekondale akuti zimenezi ndi za mu simenti. Kodi tikudya simenti? — Agogo, Lundazi Boma

Yankho: Agogo, khazikani mtima pansi. Mdzukulu wanuyo m'kalasi amamvetsera, koma wamva theka. Mfunda ndi umodzi, anthu ake ndi osiyana, monga a Phiri a kwa Magodi sali a Phiri a ku Kasungu.

Wa mumchereyu sadutsa m'ng'anjo ya kilinka, ndipo ngakhale mumuviike sangagwire ngati khoma. Ndi ufa woyera, wopepuka, wopanda fungo ngakhale kukoma, wodzaza timabowo ngati chinkhupule. Amatha kumwa chinyezi choposa kawiri kulemera kwake iye akadali ufa woyoyoka. Mukudziwa mmene mchere umachitira m'dzinja, kuundana m'botolo mpaka kuugogoda ndi mpeni. Ufawu umakuta kambewu kalikonse ka mchere n'kulanda chinyezicho. Amayi amene amaponya timbewu ta mpunga m'botolo la mchere, kapena kuupachika pafupi ndi moto, amalimbana ndi vuto lomwelo.

Mu 1911 kampani ya Morton ku America inayamba kuthira magnesium carbonate mumchere wake pofuna kuthana ndi vutoli. Pambuyo pake inasinthira ku calcium silicate. Pamapaketi ena salemba dzina, amangoti E552. Malamulo a ku America salola kuti mumchere wapatebulo apitirire magawo 2 pa 100 alionse. Ine chimene ndingakupempheni kuyang'ana pabotolopo ndi ayodini, woteteza ku chithokomiro. Chenicheni choopa mumchere ndi mchere womwewo, ukachuluka m'ndiwo za munthu wa BP.

Funso: Timakumba miyala ya aquamarine chakuno ku Lumezi. Ogula ena amati miyala yathu ndi "silicate". Kodi ndi calcium silicate yemweyu? Nanga ili ndi msika? — Wokumba miyala, Lumezi

Yankho: Ayi achimwene. Aquamarine ndi silika wophatikana ndi beryllium ndi aluminiyamu, kashiamu mulibe. Mawu oti silicate asakudabwitseni, chifukwa miyala yambiri ya padziko lapansi ndi ya banja limenelo, kuphatikizapo mica amene ankakumbidwa kuno nthawi ya atsamunda.

Calcium silicate wachilengedwe alipo, dzina lake wollastonite, lopatsidwa mu 1818 polemekeza wasayansi William Hyde Wollaston. Ndi mwala woyera wosweka ngati tisingano. Wambiri amakumbidwa ku China ndi ku India, n'kupita m'matailosi, mu penti ndi m'mabuleki a galimoto. Sagulidwa ndi sikelo ya m'thumba ngati yanu ija. Amagulitsidwa pa matani.

Kumene mungakumane ndi calcium silicate msanga ndi m'sitolo za zomangira m'tauni, m'mabolodi a siling'i ndi otchingira moto. Amenewa amapangidwa pophika laimu ndi silika mu nthunzi yotentha yopanikizidwa, njira imene Wilhelm Michaelis wa ku Germany analembetsa mu 1880 popanga njerwa za mchenga ndi laimu. Sayaka, chiswe sichiwadya, ndipo m'mafakitale amakutira mapaipi otentha. Analowa m'malo mwa asibesitosi, amene fumbi lake limayambitsa khansa ya m'mapapo. Koma mabolodi akale a mtundu womwewu ena ankasakanizidwa ndi asibesitosi yemweyo. Mukapeza ganyu yogumula siling'i ya nyumba yakale, musamacheke bolodi louma: linyowetseni kaye, ndipo mutseke mphuno ndi pakamwa.