Galimoto ikagunda munthu woyenda pansi: udindo wa dalaivala ndi ufulu wanu

Ngati mumayenda pa msewu wa M1 kuchokera ku Thabwa kudutsa Dyeratu, Nchalo, Ngabu ndi Bangula mpaka ku Nsanje, mukudziwa kuti msewuwu ndi wa onse: malole, minibasi, akabaza, ng'ombe, ana asukulu ndi amayi opita kumsika. Ngozi ikachitika, amene amavulala kwambiri ndi woyenda pansi. Bungwe la za umoyo padziko lonse la WHO likuti mwayi woti munthu wogundidwa afe umakwera koposa kanayi galimoto ikamathamanga makilomita 65 pa ola m'malo mwa 50.

Zimene lamulo likunena

Pa mlandu wa Banda ndi anzake otsutsana ndi ADMARC mu 1990, khothi lalikulu linafotokoza kuti dalaivala ali ndi udindo wosamala anthu ena onse ogwiritsa ntchito msewu. Ayenera kupewa liwiro lopyola muyeso, kuyang'anitsitsa kutsogolo ndi m'mbali, komanso kutsatira zikwangwani. Choncho pa tsiku la msika kapena pafupi ndi sukulu, kuliza hutala kokha sikukwanira. Ayenera kuchepetsa liwiro.

Khothilo linatinso woyenda pansi naye ali ndi udindo. Muziyenda kudzanja lamanja kuti muziona galimoto zobwera kutsogolo kwanu, ndipo usiku muzivala zowala. Khothi likapeza kuti nanunso munalakwitsa, chipukutamisozi chanu chikhoza kuchepetsedwa.

Ngozi ikachitika

Lamulo la Road Traffic Act limalamula dalaivala kuima, kuona ngati wina wavulala, kuthandiza momwe angathere, ndi kukanena kupolisi mwamsanga. Kuthawa ndi mlandu pawokha. Kwa inu amene mwaona ngoziyo, kumenya dalaivala kapena kutentha galimoto nakonso ndi mlandu, ndipo kumachedwetsa thandizo la wovulala.

Panikizani bala lotuluka magazi ndi nsalu yoyera. Musam'patse madzi kapena chakudya. Pomunyamula, mutu, khosi ndi msana zisapindike. Thamangirani naye kuchipatala chapafupi, monga cha boma cha Chikwawa, cha Nsanje, cha Ngabu kapena cha St Montfort ku Nchalo. Ovulala kwambiri amatumizidwa ku Queen Elizabeth mumzinda wa Blantyre. Ngakhale munthu adzuke n'kuyenda yekha, apite kuchipatala, chifukwa magazi otayikira m'mutu kapena m'mimba saonekera msanga.

Chipukutamisozi

Galimoto iliyonse iyenera kukhala ndi inshuwalansi yoteteza anthu ena, ndipo lamulo limalola wovulala kusumira kampani ya inshuwalansiyo mwachindunji. Lembani nambala ya galimoto ndi maina a mboni. Sungani lipoti la apolisi, lipoti la dokotala ndi malisiti onse. Musasainire mgwirizano wa ndalama musanadziwe kukula kwa kuvulala kwanu. Musachedwenso, chifukwa lamulo limaika malire a nthawi yokasuma. Ngati mulibe ndalama zolipira loya, pitani ku Legal Aid Bureau.