Zilombo za pa Bwalo ndi Zilombo za pa Kanema

Makolo ambiri a m'maparishi athu a m'chigwa muno, kuyambira ku Golomoti mpaka ku Mtakataka, ali ndi dandaulo limodzi: ana athu akonda mafilimu oopsa, a mizukwa ndi a anthu oyamwa magazi. Kale ankazemba kupita ku tinyumba ta vidiyo ta pamsika, kumene kunkaonetsedwa mafilimu a ku Nigeria a ufiti ndi kukhwima. Lero amaunjikana pa foni imodzi kuseri kwa nyumba, nakuwa, naseka, nabwerezanso. Kodi tiwaletse? Tisanayankhe tiyeni tibwerere ku mbiri ya Mua, pakuti Eklezia wathu anakumanapo ndi funso lotere, ndipo yankho lake loyamba silinakhale lotsiriza.

Ansembe a chipani cha White Fathers anakhazika mishoni ya Mua m'chaka cha 1902, m'tsinde mwa mapiri a Dedza, ndipo ya Mtakataka inatsatira mu 1908. Anapeza anthu amene anali akatswiri kale pa luso loopsa ndi loopsedwa. Ng'oma zikalira pa maliro kapena pa chinamwali, ku dambwe kunkatuluka Kasiyamaliro mu mdima, kunkatuluka Chadzunda wa nkhope yakuda, ndi Makanja wamtali ngati mgwalangwa. Amayi ankaimba, nathawa, nabweranso kudzaimba. Ana ankabisala kuseri kwa nkhokwe, koma diso limodzi lili pa bwalo. Ife amene tinakulira kuno tidziwa kuti mantha amenewo anali ndi kukoma kwake. Za kudambwe sitiulula pano, eni ake alipo.

Ansembe oyamba aja sanaone kukomako. Anaona ntchito za mdima, anaonanso anyamata akusiya sukulu za mishoni kukalowa gule. M'zaka za m'ma 1920 mkangano unakula kwambiri kuno ku Mua ndi midzi yozungulira. Mkhristu wopezeka ku gule ankaletsedwa masakramenti, ndipo milandu ina inkafika mpaka kwa bwana wa boma. Tisafulumire kuwaweruza ansembewo, chifukwa nkhanza zinalipodi: anthu ankamenyedwa m'njira ndipo aphunzitsi ankaopsezedwa. Koma gule anayankha ndi chida chakechake. Pa bwalo panavina Simoni wa nkhope yofiira ngati mzungu wopsa ndi dzuwa, panavinanso Maliya ndi Yosefe. Katswiri wa mbiri Ian Linden anafotokoza za kulimbanaku m'buku lake la 1974. Chimene tonse tichiona n'chakuti chiletso sichinathetse gule.

Kusintha kunadza ndi wansembe wa chipani chomwecho, Bambo Claude Boucher a ku Canada, amene anafika m'dziko muno mu 1967, ndipo anthu anawapatsa mfunda wa Chisale. Iwo anachita chinthu chooneka chaching'ono: anakhala pansi naonerera. Anafunsa akuluakulu dzina la chilombo chilichonse, nalemba nyimbo zake, nafufuza chimene chimadzudzula. Anapeza kuti nkhope zonyansazo n'zopangidwa dala. China chimaseka munthu wadyera, china wachigololo, china mfumu yozunza anthu ake, ndipo mano otuluka ndi maso otong'oka ndi chithunzi cha mtima wa munthu ukaola. Mu 1976 anayambitsa malo a KuNgoni pa Mua pomwepa, ndipo pambuyo pake panamangidwa nyumba yosungiramo chikhalidwe ya Chamare, yotchedwa dzina la Bambo Champmartin, wansembe mmisiri wa matabwa. M'menemo muli zigoba zoposa 400. Mu 2005 bungwe la UNESCO linalengeza Gule Wamkulu kuti ndi chuma cha anthu a dziko lonse. Si akhristu onse anakondwera, ndipo nkhani yakuti mkhristu angalowe kudambwe kapena ayi sinathe pamenepo. Komabe mishoni imene inkalimbana ndi zilombo inasanduka malo ozisunga ndi kuzimasulira.

Tsono diso lomweli, lofunsa kuti chilombochi chikunena chiyani, tingapite nalo ku kanema. M'zaka zomwe kuno kunali mkangano uja, ku Germany kunatuluka filimu ya Nosferatu mu 1922, ya F. W. Murnau. Woyamwa magazi wa m'menemo amafika m'tauni pa chombo chodzaza makoswe, ndipo mliri umamutsata. Oonerera ake anali atangotuluka m'nkhondo yaikulu ndi m'chimfine cha 1918. Ankadziwa bwino chimene ankaopa.

Koma imene ife tiiyesa yoyandikana kwambiri ndi kwathu ndi ya ku Japan, Onibaba, ya Kaneto Shindo, ya mu 1964. Nkhani yake ichitikira m'dambo la udzu wautali, wonga bango la m'mbali mwa nyanja yathu. Ndi nthawi ya nkhondo ndi njala. Mayi wokalamba ndi mpongozi wake amapha asilikali osochera, nagulitsa zida zawo kuti apeze chakudya. Mtsikanayo atayamba kuzemba usiku kupita kwa mwamuna wina, apongozi aja, poopa kusiyidwa okha, amavala chigoba cha chiwanda chimene anachotsa pa mtembo, namudikira m'udzumo kuti amuopse. Usiku wina mvula itagwa, chigobacho chimakana kuvuka. Pamene chithyoledwa ndi nyundo, nkhope ya pansi pake ipezeka itaonongeka. Mkulu aliyense wa ku Mua angamve filimu imeneyi popanda womasulira, ngakhale sadziwa Chijapani.

Palinso The Exorcist ya mu 1973, imene inakomola anthu ena m'nyumba za kanema ku America. Wolemba nkhani yake, William Peter Blatty, anali Mkatolika wophunzitsidwa ndi ansembe Achijezuiti. Ambiri amakumbukira mwana wogwidwa ndi chiwanda, koma mtima wa nkhaniyo ndi Bambo Karras, wansembe wa chikhulupiriro chofooka amene potsiriza apereka moyo wake kuti mwanayo apulumuke. Si filimu ya ana, tinene poyera. Ndipo alipo mafilimu ambiri, mwina ochuluka koposa, amene mulibe kanthu koma magazi okha. Amenewo sitiwaikira kumbuyo.

Kusiyana kumene kutidetsa nkhawa kuli apa. Gule anali ndi nthawi yake, bwalo lake ndi akuluakulu ake. Ng'oma zikaleka, zilombo zinkabwerera kwawo, ndipo mwana wochita mantha ankagona pambali pa agogo ake. Foni ilibe mwini mzinda, ndipo mwana amaonera yekha pakati pa usiku. Tidziwanso chimene mantha opanda womasulira angachite. Mu 2017 mphekesera za anamapopa zinafalikira ku Mulanje ndi ku Phalombe, ndipo anthu osalakwa anaphedwa ndi magulu a anzawo. Sitikunena kuti mafilimu ndiwo anachititsa. Tikungokumbukira kuti m'masiku amenewo chilombo sichinali pa bwalo kapena pa kanema, ndipo panalibe ng'oma yoti n'kuchibweza.

N'chifukwa chake ife, m'malo molanda foni, tayamba kukhala pansi ndi ana athu monga anachitira Bambo Chisale, n'kufunsa dzina la chilombocho ndi chimene chikudzudzula. Nthawi zina mwana amayankha bwino kotidabwitsa. Nthawi zina amasowa chonena, nazimitsa yekha. Ku Chamare, ana a sukulu akafika pa chipinda cha zigoba amayamba aima pakhomo, wina kukankha mnzake kuti atsogole, kufikira wowaperekeza atayamba kutchula maina a zilombozo chimodzichimodzi.