Mawu Amodzi, Matanthauzo Awiri: Mmene Kafue Inasakanizira Zitundu

Munthu wa ku Chipata akati “nyama yauma”, amatanthauza kuti ilibenso madzi. Koma kwa Mtonga wa ku Mazabuka, kuuma ndi kumenya munthu. Kuuma kwa nyama iye amati kuyuma. Mbemba amagwiritsa ntchito ukuuma pa zonse ziwiri. Anthu atatuwa amagula pamsika umodzi muno mu Kafue, ndipo pali mbiri imene inawakumanitsa.

Ulalo wa njanji pa mtsinje wa Kafue unamalizidwa mu 1906, ndipo sitima zochokera ku Livingstone zinayamba kuwoloka kupita ku Broken Hill, kumene lero timati Kabwe. Pa siteshoni panakula katauni, m'dera lozunguliridwa ndi Atonga, Asoli ndi Agoba. Chinyanja chinafalikira m'mbali mwa njanji kudzera mwa anthu a kum'mawa ofuna ntchito, ndiponso apolisi, amene boma la atsamunda linkawalankhulitsa Chinyanja.

Kusakanikirana kwakukulu kunabwera pambuyo pa ufulu wa 1964. Boma, kudzera mu INDECO, linamanga fakitale ya nsalu ya Kafue Textiles ndi nyumba za Kafue Estates. Mu 1970 Nitrogen Chemicals of Zambia inayamba kupanga feteleza. Antchito anachokera m'zigawo zonse, ena ku Copperbelt, atanyamula Chibemba chawo.

Tangoganizani masiku oyamba pa shifiti. Mnyanja akati akufuna, Mbemba ankamva ukufuna, kumene ndi kuthyola. Kufuna kwathu iye amati ukufwaya. Mnyanja akati wapita, ndiye kuti wachoka, koma ukupita kwa Mbemba ndi kudutsa chabe. Mnyanja akadandaula kuti walema, Mtonga ankayang'ana katundu, pakuti kulema kwa iye ndi kulemera.

Ana a antchitowo, osewera limodzi mu Estates ndi mu Shikoswe, sanadikire womasulira. Anasankha okha mawu oti asunge. N'chifukwa chake ambiri a inu mumati “nayenda” m'malo mwa “ndapita”, ndipo mailo, liwu la Chibemba, linameza dzulo ndi mawa omwe.

Kwa zaka zingapo kuyambira 2014, ana a Giredi 1 mpaka 4 m'chigawo cha Lusaka ankaphunzitsidwa m'Chinyanja cha m'mabuku. Mwana akalemba mailo, aphunzitsi amadula ndi cholembera chofiira. Aphunzire ndithu dzulo ndi mawa, koma auzidwenso kuti liwu lodulidwalo linabwera pa sitima ndi agogo ake.