Kukondera

Mawu akuti "kukondera" amachokera ku mneni "kukonda", koma ichi n'chikondi chopsinja wina. Mfumu ikamva mbali imodzi ya mlandu n'kugamula mokomera m'bale wake, winayo asanatsegule n'komwe pakamwa, timati yakondera. Kwa mtolankhani, kukondera n'kubisa dala zomwe waona, kapena kumana mbali ina mpata woyankhapo.

Maboma opondereza amawapotoza mawuwa. Mu 2001 boma la Robert Mugabe linathamangitsa mtolankhani wa BBC, Joseph Winter, ndipo wailesiyi inaletsedwa kutola nkhani ku Zimbabwe mpaka 2009, ati imakondera. Apo n'kuti minda ikulandidwa, otsutsa boma akumenyedwa. Kulemba kuti munthu wamenyedwa, chikhalirecho wamenyedwadi, si kukondera ayi. Musanamunene mtolankhani kuti wakondera, lozani pomwe wanama kapena chomwe wabisa.